Kachotsedwe ka Nkhupakupa pa Kagalu ka Pakhomo

Mawu oyamba

Munthu akamayenda m'madera a mumzinda wa Blantyre monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, sangathe mzere wa nyumba osamva galu akuuwa. Ambiri mwa agaluwa ndi achikuda, alonda a pakhomo amene amagona panja. Komabe kwabweranso tiagalu tating'ono ta ubweya wambiri timene eni ake amatisambitsa, kutinyamula m'manja ndi kutigoneka m'nyumba. Tiagalu totere, pamodzi ndi ana a agalu amene angosiya kuyamwa, ndi timene ndikutchula kuti kagalu m'chimangirizo chino.

Cholinga changa ndi kufotokoza mmene munthu angachotsere nkhupakupa pa kagalu popanda kukavulaza. Ndiyamba ndi kulongosola za nkhupakupayo, kenaka ndifotokoza kachotsedwe kake, njira zimene zimapweteka kagalu ndiponso kasamalidwe ka malo ake ogona. Mfundo imene ndikufuna kutsindika ndi yakuti thupi la kagalu ndi laling'ono, choncho chilichonse chochitika pa thupilo chimakula msanga, kaya ndi kuyamwidwa magazi kaya ndi mphamvu ya mankhwala. Dzanja lodekha limene limafufuza tsiku ndi tsiku limapulumutsa kagalu, pamene njira zachidule zobwereka kukhola la ng'ombe ndi kumatumba a chimanga zimatha kukapha nkhupakupazo zisanakaphe.

Mayina a tizirombo toluma galu

Anthu ambiri amasokoneza mayina a tizirombo timene timakhala pa galu, ndipo kusokoneza dzina kumabala kusokoneza mankhwala. Nthata ndi utitiri ndi tizirombo ta miyendo 6 timene timadumpha ndi kuthawa munthu akapatula ubweya. Nkhufi imakhala m'ming'alu ya nyumba, imayamwa magazi usiku kwa kanthawi kochepa n'kubwerera kobisala. Nkhupakupa siidumpha ndiponso siiuluka. Ikakula imakhala ndi miyendo 8, pakuti ndi mbale wake wa kangaude. Ikaluma imakhazikika pamalo amodzi kwa masiku angapo. N'chifukwa chake munthu wosafuna kuchoka pamene sakufunidwa timamunena kuti wakakamira ngati nkhupakupa.

Nkhupakupa yaikazi ikakhuta imatupa n'kuoneka ngati njere ya nsatsi. Kufanana kumeneku anthu akale a ku Roma adakuonanso, moti m'Chilatini mawu akuti ricinus amatanthauza nkhupakupa, ndipo akatswiri a zomera amatchula nsatsi ndi dzina lomweli mpaka lero.

Kuno kummwera kwa Africa agalu amavutika makamaka ndi mitundu iwiri. Woyamba ndi nkhupakupa yofiirira imene akatswiri amaitcha Rhipicephalus sanguineus. Imeneyi imakonda nyumba, makola a agalu ndi mipanda ya njerwa. Wachiwiri ndi nkhupakupa yachikasu yotchedwa Haemaphysalis elliptica, imene ana ake amayamwa mbewa ndi makoswe ndipo zikuluzikulu zimadikira galu pa udzu. Motero kagalu ka pakati pa Ndirande, kumene nyumba zidathithikana, sikangadalire kuti kuli kutali ndi tchire, ndipo kagalu ka m'munsi mwa phiri la Michiru, la Soche kapena la Bangwe kamakumana ndi mitundu yonse iwiri.

Moyo wa nkhupakupa

Nkhupakupa yofiirira imadutsa magawo anayi. Imayamba ngati dzira. Dziralo limaswa kamwana ka miyendo 6, kakang'ono ngati kambewu ka fodya. Kamwanako kamakwera pa galu, kuyamwa masiku angapo, kugwa pansi ndi kufundula. Pamenepo kamakhala ndi miyendo 8. Kamakweranso pa galu, kuyamwa, kugwa ndi kufundula kachiwiri, n'kusanduka nkhupakupa yaikulu. Yaikazi imayamwa pafupifupi sabata yathunthu kapena kupitirira, kenaka imagwa n'kukabisala mumng'alu mmene imaikira mazira zikwi zingapo isanafe. Nyengo ikakhala yotentha, monga mmene Blantyre amakhalira mu Okutobala ndi Novembala, ulendo wonsewu umatha kutheka m'miyezi iwiri yokha.

Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, nkhupakupa zimene tikuziona pa kagalu ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zabisala m'khoma ndi pansi pa chiguduli. Chachiwiri, nkhupakupa yaikazi imodzi yotayidwa yamoyo pabwalo ndi mbewu ya zikwi zina.

Kamwa la nkhupakupa nalonso liyenera kumvetsedwa. Lili ndi kamlomo kokhala ndi timano toloza kumbuyo ngati mbedza. Ikaboola khungu imatulutsa malovu amene amauma ngati simenti n'kumata kamlomoko pakhungu. M'malovu omwewo muli zinthu zoletsa magazi kuundana ndi zochititsa dzanzi kuti galu asamve msanga. Tizirombo toyambitsa matenda timalowa m'thupi la galu kudzera m'malovuwa. Kudziwa zimenezi ndiko kumatiuza pogwira pochotsa.

Chifukwa chake kagalu kali pangozi

Galu amakhala ndi magazi okwana mamililita 80 mpaka 90 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kagalu kolemera makilogalamu 3 kali ndi magazi pafupifupi mamililita 250, osadzaza n'komwe botolo la Fanta. Nkhupakupa makumi angapo zimene galu wamkulu angayende nazo osaoneka kudwala zimatha kufoola kagalu kotere ndi kuyamwa kokha.

Choopsa kwambiri ndi matenda. Mu 1893 Theobald Smith ndi Fred Kilborne a ku America adasonyeza kuti nkhupakupa zimafalitsa nthenda ya ng'ombe, ndipo mu 1901 Charles Lounsbury, amene ankagwira ntchito ku Cape, adasonyeza kuti nkhupakupa yachikasu ndiyo imapatsira agalu nthenda ya chikasu. Kachirombo koyambitsa nthendayi, kotchedwa Babesia rossi, kamalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwaswa, mofanana ndi mmene kachirombo ka malungo kamachitira mwa munthu. Galu amatentha thupi, amakana chakudya, nkhama zake zimayera kapena kusanduka zachikasu, ndipo mkodzo umafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Popanda chithandizo amatha kufa m'masiku ochepa. Nkhupakupa yofiirira imafalitsa kachirombo kena kotchedwa Ehrlichia canis, kamene kamaondetsa galu pang'onopang'ono ndi kumutulutsa kamfuno.

Matendawa alipo m'dziko muno. Kafukufuku amene Elisha Chatanga ndi anzake adasindikiza mu 2021 adayeza magazi a agalu 209 a m'mizinda itatu ikuluikulu ya Malawi, ndipo agalu 93 adapezeka ndi kachirombo kamodzi kapena angapo mwa tizirombo tofalitsidwa ndi nkhupakupa. Kachirombo kamene kadapezeka kwambiri ndi Babesia rossi komwe kaja.

Nthawi nayonso ndi yofunika. Babesia amafuna kuti nkhupakupa iyamwe masiku awiri kapena atatu asanalowe mwa galu, pamene Ehrlichia amatha kulowa m'maola ochepa. Choncho munthu wofufuza kagalu kake tsiku lililonse amatsekereza nthenda ya chikasu isanayambe, ngakhale kuti sangatseke makomo onse.

Pali chinthu china chimene ndamva kawirikawiri kwa eni agalu. Munthu amati, "Kagalu kanga kadabayitsa kale, sikangadwale." Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi la Blantyre SPCA ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito, ndipo ntchitoyi idabwerezedwa m'zaka zotsatira. Katemera ameneyu ndi wa chiwewe, ndipo adapulumutsa miyoyo ya ana ambiri. Koma sateteza galu ku nkhupakupa kapena ku matenda ake. Chiphaso cha katemera wa chiwewe chisatigonetse tulo.

Kufufuza nkhupakupa

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yabwino yofufuza ndi madzulo dzuwa lisanalowe, kagalu katadya ndipo katatopa ndi masewera. Ine ndimakhala pampando waufupi n'kukakhazika pamiyendo panga, pansi nditayala thumba loyera kuti chogwa chilichonse chioneke. Ndimayendetsa zala mobwezera ubweya kumbuyo, kuyambira kumphuno mpaka kumchira, chifukwa pa kagalu ka ubweya wambiri zala zimapeza zimene maso saona.

Malo oyenera kuwasamala kwambiri ndi awa: m'kati ndi kuseri kwa makutu, m'zikope, pansi pa chibwano, m'khosi makamaka pansi pa lamba, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira ndi pakati pa zala za mapazi onse anayi. Kagalu kakamapukusa mutu kapena kudziluma phazi, kakutiuza kumene tiyambire.

Zala zikapeza kachotupa, tisathamangire kukoka. Tipatule ubweya ndi kuyang'anitsitsa ngati pali timiyendo pafupi ndi khungu. Nsonga za mabere, zimene agalu aamuna omwe ali nazo, zimafanana ndi nkhupakupa yokhuta. Njerewere nazonso zimanamiza. M'nyengo ya mvula pamakhalanso zotupa za mphutsi, zimene zimakhala ndi kabowo pakati ndipo zimafuna chithandizo china. Chopanda miyendo si nkhupakupa.

Kachotsedwe kake

Zipangizo zofunika ndi zochepa: kachitsulo kopanira kosongoka kamene amayi amazulira nsidze, kabotolo kotsekeka kokhala ndi sipiriti pang'ono, thonje, sopo ndi madzi. M'manja tivale magolovesi, ndipo ngati palibe, jumbo yoyera ikhoza kuthandiza. Pakhalenso munthu wina wamkulu wogwira kagalu, pakuti dzanja limodzi silingagwire mutu wa galu ndi kupana nkhupakupa nthawi imodzi.

Choyamba, wogwira uja akhazikitse kagalu mtima pansi pokasisita ndi kukayankhula. Ngati n'kolusa, akakulunge m'thawulo n'kusiya poyera malo ogwirapo ntchito okha. Galu wachilendo amene sitikudziwa ngati adalandira katemera wa chiwewe tisamuchotse nkhupakupa tokha. Munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri, tipatule ubweya mpaka khungu lioneke. Kunyowetsa ubweyawo ndi madzi kumathandiza kuti ugone.

Chachitatu, tilowetse nsonga za kachitsulo pansi pa thupi la nkhupakupa n'kupana pamutu, pafupi kwambiri ndi khungu. Apa ndi pamene pagona luso lonse. Tikapana mimba yotupayo timakhala ngati tikufinya jakisoni, ndipo zimene zili m'kati mwa nkhupakupa zikhoza kulowa mwa kagalu.

Chachinayi, tikoke molunjika, pang'onopang'ono, ndi mphamvu yosasintha. Khungu limatukuka pang'ono ngati kahema, ndipo tikapirira masekondi angapo nkhupakupa imasiya yokha. Kutsomphola kapena kupotokola ndi kachitsulo kumadula kamlomo n'kukasiya m'khungu. M'masitolo ena a mankhwala a ziweto mumapezeka kambedza kapulasitiki kopangidwira ntchito yomweyi. Kameneko kamalowetsedwa pansi pa nkhupakupa n'kuzunguzidwa, pakuti kadapangidwa kuti kasafinye mimba.

Chachisanu, tiponye nkhupakupayo m'kabotolo ka sipiriti n'kutseka. Kuiponya pamakala oyaka a pambaula kumaiphanso. Chizolowezi choiphwanya ndi zikhadabo kapena ndi mwala pakhonde n'chosayenera, chifukwa magazi ake amatha kufika pachilonda cha m'manja kapena m'maso.

Chachisanu n'chimodzi, titsuke polumidwapo ndi sopo ndi madzi, kapena tipukutepo ndi thonje la sipiriti ngati pali kutali ndi maso. Kenaka tisambe m'manja, titsuke kachitsulo, ndipo kagalu tikapatse kachakudya kuti mawa kadzabwere kokha.

Nthawi zina kamlomo kamatsalira m'khungu n'kumaoneka ngati kaminga kakuda. Anthu ena amakhulupirira kuti mutu wotsalawo umameranso thupi. Zimenezi sizichitika. Ngati kakuoneka bwino tikhoza kukapana n'kukachotsa, koma tisakumbe khungu ndi singano kapena lezala. Thupi limakatulutsa lokha monga limachitira ndi minga, ndipo kachotupa kotsalapo kamaphwa m'masabata ochepa. Pakayamba mafinya ndi pamene pafunika dokotala.

Pali malo awiri amene dzanja la pakhomo liyenera kulekera odziwa: m'kati mwenimweni mwa khutu ndi m'mphepete mwa diso. Chimodzimodzinso kagalu kamene kadzadza ndi tiana ta nkhupakupa mazanamazana. Kuzula zonsezo kamodzikamodzi kumangotopetsa kagalu kofooka kale.

Njira zimene zimapweteka kagalu

M'madera athu muli njira zambiri zimene timapatsirana pampanda, ndipo zambiri zimachokera mumtima wofuna kuthandiza. Ndiziika m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la njira zofuna kuti nkhupakupa ichoke yokha. Ena amaiotcha ndi machesi kapena ndudu, ena amaidontheza palafini, ena amaimata Vaseline kuti ibanike. Nkhupakupa imapuma pang'onopang'ono kwambiri, choncho siibanika msanga, ndiponso kamlomo kake kadamatidwa pakhungu moti siingathawe ngakhale itafuna. Nthawi yonse imene tikudikira, malovu ake akupitirira kulowa. Moto umapsereza ubweya, ndipo palafini amasupula khungu. Oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto, amene ena amapaka galu thupi lonse, ndi poizoni amene kagalu kamameza podzinyambita.

Gulu lachiwiri ndilo loopsa koposa. Dziko lathu lidazolowera kulimbana ndi nkhupakupa chifukwa cha ng'ombe. Madibi adakumbidwa m'maboma ambiri, ndipo ku Lilongwe kuli Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases kumene mu 2014 adakhazikitsa ntchito yopanga katemera wa nthenda ya ng'ombe ya East Coast fever. Motero mawu akuti nkhupakupa akamveka, ambirife timaganiza za mankhwala a dibi. Koma ng'ombe ya makilogalamu 300 imalemera kuwirikiza ka 100 kuposa kagalu ka makilogalamu 3. Kagalu kali ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, kotero kamamwa mankhwala ambiri kudzera pakhungu, ndipo kakatuluka m'bafa kamadzinyambita. Mankhwala a dibi otchedwa amitraz amagonetsa tiagalu tating'ono, kutiziziritsa thupi ndi kuchedwetsa mtima. Ena a m'gulu la organophosphate, limene mulinso Actellic wothira m'chimanga, amachititsa dovu, kusanza, kutsekula m'mimba, kunjenjemera ndi kulephera kupuma.

Ndidaziona zimenezi kwa anansi athu ena ku Ndirande. Bambo wa pakhomopo adagula mankhwala oyera ngati mkaka kwa wogulitsa wa pamsika, othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, ndipo muyeso wake adauzidwa pakamwa. Adasambitsa galu wamkulu ndi kagalu ka miyezi itatu m'beseni limodzi. Galu wamkuluyo adangogona tsiku lonse n'kudzuka. Dzuwa litapendeka mwana wa pakhomopo adabwera kwathu akuthamanga n'kunena kuti, "Achimwene, tabwerani mudzaone, kagalu kaja kakuchita thovu kukamwa." Kadafa usiku womwewo, nkhupakupa zake zonse zitafa kale. Madzi adali amodzi, muyeso udali umodzi, chosiyana chidali kukula kwa thupi.

Zikachitika kuti kagalu kayamba zizindikiro zoterezi, tikasambitse msanga ndi sopo ndi madzi ambiri ofunda titavala magolovesi, tikapukute, tikafunditse ndi kuthamangira nako kwa dokotala wa ziweto titanyamula botolo la mankhwalawo. Tisakamwetse mkaka kapena mafuta ophikira, chifukwa mafuta amathandiza poizoni wotere kulowa m'thupi. Madokotala ali ndi mankhwala obweza mphamvu ya poizoniyu, koma ayenera kudziwa dzina lake. Botolo lopanda chizindikiro limawamanga manja.

Mankhwala oyenera ndi sikelo

Kuchotsa ndi dzanja sikukwanira pamene nkhupakupa zachuluka. Alipo mankhwala opangidwira agalu. Ena ndi odontheza pakhungu kuseri kwa khosi, monga a fipronil amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Frontline, ndipo amabwerezedwa pafupifupi mwezi uliwonse. Ena ndi mapiritsi otafuna, monga Bravecto amene adayamba kugulitsidwa mu 2014 ndipo amagwira ntchito masabata 8 mpaka 12. Palinso malamba a m'khosi okhala ndi mankhwala. Onsewa amagulitsidwa motsata kulemera kwa galu, ndipo ambiri saloledwa pa kagalu kosakwana masabata 8 kapena makilogalamu 2.

Pachifukwa chimenechi chipangizo choyamba ndi sikelo. Munthu akhoza kudziyeza atanyamula kagalu, kenaka n'kudziyeza yekha, n'kuchotsera. Akhozanso kukaika m'chikwama n'kukoloweka pasikelo yoyezera chimanga. Ndi nambala imeneyi apite kwa a vetenale kapena kwa mlangizi wa ziweto. Kugawa mankhwala a galu wamkulu ndi diso n'kuwapatsa tiagalu titatu ndi kutchova njuga. Pakhomo pamene pali mphaka pafunikanso kusamala, pakuti mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.

Ndikudziwa kuti mankhwalawa ndi okwera mtengo kwa banja limene likuvutika kupeza ndiwo ndi lendi. Koma kachitsulo kopanira kamagulidwa kamodzi, ndipo mphindi zisanu za madzulo alionse sizilipiridwa. Amene sangakwanitse mankhwala oyenera ali bwino kudalira dzanja ndi tsache kusiyana ndi kabotolo ka pamsika.

Kusamala malo ogona

Popeza nkhupakupa zambiri zili kunja kwa galu, ntchito imene yathera pa kagalu yatheka theka. Nkhupakupa yofiirira ikagwa imakonda kukwera m'mwamba, choncho imapezeka m'ming'alu ya khoma, pakati pa njerwa zosapaka pulasitala, kuseri kwa mafelemu a zitseko ndi m'munsi mwa malata a kanyumba ka galu. Yosadya imatha kudikira miyezi yambiri. Munthu wolowa m'nyumba ya lendi ku Zingwangwa kapena ku Bangwe akhoza kulandira nkhupakupa za galu wa amene adatulukamo kale.

Chiguduli kapena bulangeti logonapo kagalu lichapidwe ndi madzi otentha sabata iliyonse ndi kuyanikidwa padzuwa. Pogona pasesedwe ndipo zinyalala zake zitenthedwe. Ming'alu imatidwe ndi simenti kapena dothi. Udzu wa m'mphepete mwa mpanda utchetchedwe, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo milu ya zinyalala yoitana makoswe ichotsedwe. Ngati pafunika kupopera mankhwala m'khola, kagalu katulutsidwe mpaka pataumiratu, ndipo mbale zake zichotsedwe.

M'malo mmene nyumba zingapo zili pabwalo limodzi, ntchitoyi imafuna kugwirizana. Agalu a pabwalo limodzi amagona pamchenga umodzi, ndipo nkhupakupa siidziwa malire a puloti. Ndi bwino eni agalu onse kupangana tsiku limodzi losamalira agalu ndi makola awo. Izi zimatetezanso anthu, pakuti nkhupakupa za agalu zimatha kuluma munthu, makamaka kukatentha, ndi kumupatsa nthenda yotentha thupi, yopweteka mutu, yosiya kankhanambo kakuda polumidwapo. Zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo, choncho wodwala auze adokotala kuti pakhomo pali nkhupakupa.

Nthawi yothamangira kwa dokotala

Tikachotsa nkhupakupa tipitirize kuyang'anira kagalu kwa masabata atatu. Njira yapafupi ndi kutukula mlomo wake n'kuona nkhama. Za kagalu kathanzi zimakhala zofiirira, ndipo tikazisindikiza ndi chala zimayera n'kubwerera msanga. Nkhama zoyera kapena zachikasu, mkodzo wofiira, kukana chakudya tsiku lathunthu, kupuma mwawefuwefu ndi kamfuno ndi zizindikiro zofuna dokotala tsiku lomwelo. Iye amatenga kadontho ka magazi kukhutu n'kukayang'ana pa makina oonera tizirombo, monga zimachitikira poyeza malungo.

Tisayese kuchiza tokha. Jakisoni wa Berenil amene amachiza nthenda ya chikasu amaononga ubongo wa galu muyeso ukapyola pang'ono pokha kapena akabwerezedwa msanga. Panado ndi Brufen wa anthu amaononga chiwindi, impso ndi chifu cha kagalu. Pano naponso vuto ndi lomwe lija la muyeso wa thupi lalikulu pa thupi laling'ono.

Mawu otsiriza

M'chimangirizo chino ndafotokoza kuti nkhupakupa imakakamira ndi kamlomo ka timano ndi malovu omata, ndipo imapatsira matenda ikakhalitsa. Ndasonyeza kuti njira yoichotsera ndi kupana pamutu pafupi ndi khungu, kukoka molunjika mosathamanga, kuipha m'sipiriti ndi kutsuka bala. Ndachenjezanso za moto, palafini, oyilo, mankhwala a dibi ndi a chimanga, ndipo ndakumbutsa kuti nkhupakupa zambiri zili m'khoma.

Walira mvula walira matope. Munthu wolandira kagalu pakhomo walandiranso ntchito yokafufuza m'makutu ndi m'mapazi madzulo alionse. Ntchitoyi ndi yoyenera kuiphunzitsa kwa ana, amene ndiwo amasewera ndi tiagalu kwambiri: iwo afufuze ndi kuitana wamkulu, wamkuluyo achotse. Ndipo tisanathire chilichonse pa kagalu, tiyambe tadziwa dzina la mankhwalawo, kulemera kwa kagaluko ndi zimene a vetenale anena.